Tenti ya anthu awiri: kwa Kasisi yang'anani mpweya, kulemera kubwere pambuyo

Mvula ikalimbika kumtunda, ku Blantyre, Neno ndi Mwanza, anthu a kwa Kasisi m'boma la Chikwawa amadziwa kuti madziwo akubwera kwawo. Mu Januwale 2015 madzi osefukira anasamutsa anthu pafupifupi 230,000 m'dziko muno, ambiri mwa iwo a m'chigwa cha Shire. Mu Januwale 2022 namondwe Ana anagumula damu la Kapichira chapafupi pomwepa, ndipo mu Malichi 2023 namondwe Freddy anasiya anthu oposa 600,000 opanda pogona.

Kumisasa ya othawa madzi, kaya ndi m'makalasi kaya m'matenti akuluakulu, amayi ndi ana amagona kwaokha, abambo kwaokha. Mabanja amatha miyezi bambo ndi mayi akungoonana masana, ndipo dandaulo limeneli nyuzipepala zalilembapo kambirimbiri. Ena amaliseka, koma si nkhani yoseketsa. N'chifukwa chake maso amagwera pa timatenti ta anthu awiri tija, tomwe alendo amamanga ku Majete kapena kunyamula pokwera phiri la Mulanje, ndipo nthawi zina timapezeka pa kaunjika.

Choyamba tivomereze kuti katenti kotere si nyumba. Kambiri kamalemera makilogalamu awiri kapena atatu, ndipo pansi pake sipapitirira masikweya mita atatu. Muyezo wa Sphere, umene mabungwe othandiza pa ngozi amatsatira, umati munthu mmodzi apatsidwe masikweya mita osachepera 3.5 a malo ofoleredwa. Tenti ya banja ya bungwe la UNHCR ili ndi chipinda cha masikweya mita 16 ndipo imalemera makilogalamu oposa 50. Ndiye kakang'onoka n'kogonamo basi. Ngati pali mwana woyamwa, funani tenti yolembedwa kuti ndi ya anthu atatu, chifukwa opanga matenti akamati "awiri" amatanthauza awiri ogona mogundana mapewa, opanda katundu.

Ogulitsa amatamanda kupepuka. Kupepuka kuli ndi ntchito yake, makamaka kwa munthu wothawa madzi usiku atabereka mwana. Koma matenti ambiri amenewa anapangidwira mapiri ozizira a ku Ulaya ndi America, kumene cholinga n'kusunga kutentha m'kati. Ku Chikwawa vuto ndi kutentha komweko. Mu Okutobala ndi Novembala kumafika madigiri 40 n'kupitirira, ndipo ngakhale nyengo ya mvula usiku umakhala wa thukuta.

Thupi limadziziziritsa thukuta likamauma pakhungu. Mpweya ukapanda kuyenda, thukuta limangoyenderera osauma, thupi n'kumatenthabe. Anthu awiri m'kachipinda kotseka amawonjezeramo chinyezi ndi mpweya umene akupuma, ndipo m'mawa mupeza nsalu yanyowa m'kati ngakhale mvula sinagwe. Ambiri amati tenti ikudontha pamene ndi mpweya wawo womwe. Chinyezi chimenechi chikakhalitsa chimabala nkhungu, yomwe imavutitsa odwala mphumu. Tenti yoyenera kuno ndi ya nsalu ziwiri: ya m'kati yokhala ndi neti malo aakulu, ndi yakunja yotchinga mvula, yosiya mpata pakati ndi pansi. Ikakhala ya makomo awiri oyang'anana ndiye bwino koposa, chifukwa mphepo imalowa uku n'kutulukira uko, komanso wopita kuchimbudzi usiku sapondaponda mnzake. Masana musakhalemo. Tenti yomangidwa padzuwa imasanduka uvuni, ndipo khanda logonekedwamo limatha madzi m'thupi msanga kuposa wamkulu. Lona lomangidwa pamwamba, mosiya mpata wa mkono umodzi, limachepetsako. Munthu akayamba chizungulire, mutu, kusanza kapena kuyankhula zosamveka, mutulutseni, mumuthire madzi pathupi, ndipo muthamange naye kuchipatala.

Kenako udzudzu. Madzi akaphwa amasiya zithaphwi, ndipo udzudzu wa Anopheles, umene umafalitsa malungo ndi kuluma usiku, umaswana mmenemo. Neti ya tenti imatchinga, koma nthawi zambiri ilibe mankhwala monga masikito a kuchipatala aja. Udzudzu umodzi ukalowa pamene mukutsegula, mwatsekeredwa nawo limodzi usiku wonse. Choncho pogula, zipi ndiye woyamba kumuyesa. Mukokeni kangapo mbali zonse, muone ngati sakutseguka kumbuyo. Kwezani netiyo kudzuwa, mufufuze timabowo, makamaka m'makona. Ngati tenti ili ndi pokolowekera, mangani masikito anu m'kati momwemo, makamaka mayi akakhala woyembekezera, pakuti malungo amamutsitsa magazi ndipo mwana amatha kubadwa wochepa thupi.

Chimene chimapha mwakachetechete ndi mbaula. Mvula ikamagwa, munthu amaona ngati n'zanzeru kulowetsa makala kuti nsima ipse. Makala oyaka pamalo opanda mpweya wokwanira amatulutsa mpweya wa poizoni wotchedwa carbon monoxide, womwe ulibe fungo ndipo suoneka. Umagwira magazi mwamphamvu kuposa mpweya wabwino, munthu n'kumva mutu, kufooka, tulo, osadzukanso. M'katenti kochepa chonchi sizitenga nthawi. Nsalu yakenso ndi ya nayiloni kapena poliyesita, yomwe ikagwira moto imasungunuka n'kumata pakhungu. Kandulo, koloboyi ndi koyilo ya udzudzu zonse zikhale kunja. Tochi kapena kanyale ka sola n'kokwanira.

Za mvula n'zosavuta. Pachikwama cha tenti pamalembedwa nambala ya mamilimita, yosonyeza mphamvu ya madzi imene nsalu ingapirire. Denga lisachepere 1,500, pansi pakhale pokulirapo, ndipo nsalu ya pansiyo ikwere m'mbali ngati beseni kuti madzi oyenda asalowe. Ya pa kaunjika muitembenuze: ngati m'kati mukunyanda, mukusupuka kapena timizere tomata misoko tikutuka, yatha ntchito, ngakhale kunja ikuwala. Dzuwa la kuno limadya nayiloni msanga kuposa poliyesita, ndipo ndodo za aluminiyamu zimapindika pamene za faiba zimathetheka n'kubaya m'manja. Tizikhomo topyapyala ta waya satigwira mumchenga wonyowa. Semani zanu zamtengo zazitali.

Pomanga pafunika nzeru zimene tenti singakupatseni. Pakhale pokwera, kutali ndi khwawa ndi mtengo wa nthambi zouma. Kufuna kukhala panokha kusakutulutseni kunja kwa msasa, chifukwa nsalu siletsa wakuba, ndipo mayi akatsala yekha amakhala pachiopsezo. Musatalikirenso chimbudzi ndi madzi othiridwa kolorini. Mliri wa kolera wa mu 2022 ndi 2023 unapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo misasa yodzadza ndi malo amene matendawa amayenda msanga.

Palinso china chimene mabanja amaiwala pothawa. M'kachikwama kosalowa madzi, momwe muli chiphaso cha unzika ndi buku la kuchipatala, muikemonso mankhwala olera, makondomu ndi ma ARV kwa amene amamwa. Misewu ikaduka, chipatala choyendayenda chimatha kuchedwa kufika kumsasa, ndipo mapiritsi olera mukawadumphitsa masiku angapo amasiya kuteteza.