Diso la Kamera Liona Mpaka Pati?

Lero tikambe za makina aja ochedwa kamera, amene anthu amapacika pa sitolo kapena pa cipata kuti alonde katundu usana ndi usiku. Kawirikawiri munthu ataya ndalama zace pogula kamera, koma tsiku limene njinga yabedwa, apolisi aona cithunzi ca munthu wamng'ono ngati nyerere, wosadziwika nkhope. Colakwa si ca makina ai, koma ca mwini wace amene sanawerenge asanapacike.

Mkati mwa kamera muli zinthu ziwiri zofunika. Coyamba ndi galasi la kutsogolo, limene liri ndi nambala yace, monga mamilimita 4, 8 kapena 12. Caciwiri ndi kambale kakang'ono kolandira kuwala. M'makamera ambiri olembedwa 1/3 inci, kambaleka n'kotambalala mamilimita 4.8.

Tsono ciwerengero cace ndi ici. Yesani mtunda kucokera pa kamera kufika pamene mufuna kuona. Curukitsani mtundawo ndi kutambalala kwa kambale, ndipo gawani ndi nambala ya galasi. Tiyerekeze kuti cipata canu ciri pa mamita 10, ndipo galasi ndi la 4. Mamita 10 kucurukitsa ndi 4.8 atipatsa 48. Kugawa ndi 4 tipeza 12. Ndiko kuti kamera idzaona malo otambalala mamita 12 pa cipatapo. Galasi la 8 lidzaona mamita 6, la 12 mamita 4 okha. Nambala ikakula, malo acepa, koma zinthu zioneka zazikuru.

Wina adzati, "Ndiye ndigule la 4, ndione bwalo lonse." Taimani pang'ono, bambo. Cithunzi cimapangidwa ndi timadontho, ndipo timadonthoto n'towerengeka. Kamera yathu ikhale ndi timadontho 1,280 m'mzere umodzi. Tikatimwaza pa mamita 12, mita iri yonse ilandira 107 cabe. Muyeso wa amisiri a maiko onse wa caka ca 2014 unati pafunika timadontho 125 pa mita kuti muzindikire munthu amene mumdziwa kale, ndi 250 kuti nkhope ya mlendo idziwike bwino. Cotero galasi la 4 lilephera pa cipata cija. La 8 lipatsa 213, pamene la 12 lipatsa 320, ndipo pamenepo mbala ilibe pobisala.

Ngati galasi la 4 mwagula kale, musataye mtima. Senderezani kamera kufupi, pa mamita 4 kucokera pa cipata. Idzaona malo a mamita 4.8, ndipo timadontho tidzakwana.

Kumbukiraninso zitatu izi. Musaipacike pamwamba kwambiri, cifukwa mudzangoona zipewa. Musaipenyetse kumene dzuwa lituruka kapena kulowa, pakuti nkhope zidzada bii. Dziwaninso kuti pansi peni-peni pa kamera pali malo amene siiona konse.

Potsiriza, ciwerengero cingotsogolera. Mukaipacika, pemphani mnzanu ayende pa cipata masana, abwerezenso usiku, inu mukuyang'ana cithunzi. Mukalephera kuzindikira mnzanu weniweni, nanga mlendo mudzamdziwa bwanji? Konzani lero, mbala isanabwere.