Filimu ya Nyimbo Imene Ndimaikonda

Anthu akamatchula mafilimu a nyimbo za rock and roll, ambiri amayamba ndi Jailhouse Rock ya Elvis Presley, ya mu 1957. Koma ine, mwana wa ku Mzimba, ndimaika patsogolo Sarafina! ya mu 1992, yomwe nyimbo zake zambiri adapeka ndi Mbongeni Ngema. Filimuyi imakamba za ana asukulu a ku Soweto amene adaukira ulamuliro watsankho mu 1976. Mufilimu ya Elvis nyimbo imatchukitsa munthu mmodzi, pamene mu Sarafina! gulu limayimba molandizana, likuponda pansi ngati ingoma ya ku Edingeni. Chinanso, Chizulu cha m'nyimbozo n'chachibale ndi Chingoni chimene ife tikuchitaya. Tikamaonera, timamva chiyankhulo cha makolo athu chikadali moyo.