Wofufuza Nayenso Aziodira

Munthu wamakhalidwe akafika pakhomo pa mnzake ku Chikamveka, kapena paliponse m'munsi mwa phiri la Zomba, amaima pabwalo, naodira, nadikira kuti amlonjere. Mwambowu supatula munthu, ngakhale wofufuza za umoyo amene wadza ndi jakisoni ndi timabotolo.

M'zaka za 2008 ndi 2009 m'boma la Zomba munachitika kafukufuku amene mbiri yake inamveka kutali. Atsikana ena a zaka 13 mpaka 22 ankalandira ndalama mwezi ndi mwezi, ena osalandira. Patatha miyezi 18 anawayeza magazi. Magazini ya The Lancet inalengeza mu 2012 kuti mwa atsikana apasukulu olandira ndalama, 12 pa 1,000 alionse anali ndi HIV, pamene mwa osalandira anali 30. Nzeru imeneyi inachokera m'magazi a ana a eni.

Tsono magazi sapempha mwachibwana. Mu 2017 mphekesera za anamapopa zinabuka ku Mulanje ndi ku Phalombe. Anthu anaphedwa, ndipo bungwe la United Nations linachotsako antchito ake. Wophunzira angathe kuseka mantha otere, koma kuseka sikuyankha funso la mayi lakuti, "Kodi magazi a mwana wangayu akupita kuti?"

N'chifukwa chake wofufuza wanzeru amayambira kwa nyakwawa, nafotokoza pabwalo, m'Chichewa kapena m'Chiyao, kuti atenga magazi ochuluka bwanji, akachita nawo chiyani, ndiponso ndani adzamve zotsatira zake. Komabe pomwepa pali msampha. Mfumu ikavomera pamaso pa anthu, ndi mtsikana uti, woleredwa bwino, angatukule mutu kunena kuti wakana? Ulemu womwewo umamtseka pakamwa. Malamulo otchedwa Declaration of Helsinki, amene anayamba kulembedwa mu 1964, amalola kufunsa atsogoleri ndi achibale, koma amati mwiniwake avomere mwaufulu. Kunena zoona, mawu a mfumu amangotsegula njira. Mtsikanayo afunsidwe payekha, auzidwenso kuti akakana sadzamanidwa mankhwala kuchipatala. Ngati ali wamng'ono, makolo avomere, iyenso avomere.

Chimene chimaiwalika msanga ndicho kutsazika. The Lancet ndi magazini ya ku London, yolembedwa m'Chingerezi cha madokotala. Mayi amene anavomera uja adzamva zimene zinapezeka pokhapokha wofufuza atabwerera pabwalo pomwe anaodira paja.