Gawo 7: Seva yanuyanu ya pasukulu

M'gawo lino tiona momwe sukulu ingasungire yokha pulogalamu ya pawebusaiti m'malo modalira kampani yakutali.

Tiyambe ndi seva. Seva ndi kompyuta yomwe ntchito yake ndi kuyankha makompyuta ena. Mukatsegula Facebook, foni yanu imapempha, ndipo seva yakutsidya kwa nyanja imayankha. Koma palibe lamulo lakuti seva izikhala kutali. Ikhoza kukhala mu ofesi ya aphunzitsi aakulu. Kakompyuta kotchedwa Raspberry Pi, komwe kanayamba kugulitsidwa mu 2012, n'kokwana m'dzanja ndipo sikadya magetsi ambiri. Mukaikamo pulogalamu yaulere ngati Moodle, yomwe Martin Dougiamas wa ku Australia anatulutsa mu 2002, n'kukalumikiza ku rauta ya Wi-Fi, basi ana atha kutsegula maphunziro pa tabuleti kapena pafoni popanda bandulo. Amangolemba nambala ya sevayo, mwachitsanzo 192.168.1.10, pamalo polemba adiresi.

Tsono taganizirani sukulu yakumafamu ku Battlefields, pamsewu waukulu wochokera ku Chegutu ndi Kadoma kupita ku Kwekwe. Mu Januwale 2019 boma la Zimbabwe linatseka intaneti kwa masiku angapo. Sukulu yokhala ndi seva yakeyake ikanapitiriza kuphunzitsa, chifukwa uthenga wake sutuluka kunja kwa mpanda. Palinso china. Ena mwa ana am'derali ndi zidzukulu za anthu amene anachokera ku Malawi kudzagwira ntchito m'migodi ndi m'mafamu. Chichewa chili m'gulu la zilankhulo 16 zomwe malamulo aakulu a dzikolo a 2013 amavomereza, koma mabuku ake ndi osowa. Paseva yanu mutha kuikapo nthano ndi mayeso omwe mwalemba nokha, ngakhalenso mawu a agogo ojambulidwa pafoni.

Komatu musathamange. Seva ikakhala yanu, mavuto akenso ndi anu. Vuto lalikulu ndi magetsi: mu 2019 momwemo a ZESA ankazimitsa mpaka maola 18 patsiku. Magetsi akathima mwadzidzidzi seva ili mkati molemba, kamemori khadi kake katha kuwonongeka, malikisi a teremu yonse n'kupita. Choncho gulani batire ndi sola musanagule china chilichonse, ndipo Lachisanu lililonse koperani zonse pa flashi yomwe izisungidwa kwina, osati m'kabati momwe muli sevamo. Pasiwedi ya woyang'anira isadziwike ndi mphunzitsi mmodzi yekha. Nanga akamusamutsa bwanji? Kumbukiraninso kuti maina ndi malikisi a ana ndi nkhani zachinsinsi zomwe lamulo la Cyber and Data Protection Act la 2021 limateteza. Ife tikuona kuti ndi bwino sevayo isalumikizidwe ku intaneti mpaka mutapeza munthu wodziwa kuitchinjiriza.

Ntchito 7.1: Lembani maudindo a aphunzitsi awiri omwe angasunge pasiwedi pasukulu panu, ndipo fotokozani komwe flashi ija izisungidwa.