Thanki ya mafuta ikadontha, mjigo ndiwo umavutika

Amene amamwetsa galimoto kapena njinga yamoto pa Mponela, pa Madisi kapena pa boma la Ntchisi amangoona pampu ndi manambala akuthamanga. Mafuta enieniwo amakhala pansi pa simenti imene waimapoyo, m'mathanki okwiriridwa otenga malita zikwizikwi. Thanki yachitsulo ikakalamba imachita dzimbiri, ndipo kabowo kongolowa singano n'kokwanira kuti petulo ayambe kulowerera m'nthaka popanda womuona.

Kuno kumapiri zimenezi n'zoopsa kwambiri. Madzi a pansi pa nthaka amatsetsereka kuchoka kumtunda kukathera kudambo, komwe kuli madimba, zitsime ndi mijigo. Petulo ndi wopepuka kuposa madzi, choncho amayandama pamwamba pake n'kumatsetsereka nawo limodzi. Mu petulo muli benzene, amene akatswiri anatsimikiza kuti amayambitsa khansa ya m'magazi. Kulorini amapha tizilombo ta kolera, koma mafuta sawachotsa. Taganizirani malo othithikana ngati msasa wa anthu othawa kwawo wa Dzaleka, pomwe anthu oposa 50,000 akukhala ndipo ambiri amadalira mijigo.

Njira yomwe tinazolowera ndi yolowetsa ndodo yamizere m'thanki m'mawa, n'kufanizira ndi zimene zagulitsidwa. Kunsonga kwa ndodoyo amapakako mankhwala osintha mtundu akakhudza madzi. Njirayi imathandiza, koma mafuta amafufuma kukatentha n'kuchepa kukazizira, ndiye malita ochepa osowa amabisala m'menemo. Ndipo akasowa, woyamba kumuganizira ndi wantchito wa papampu, pomwe mwina wakuba ndi dzimbiri.

Makina amakono amaima m'kati mwa thanki momwemo. Amakhala ndi tizoyandama tiwiri: kena pamwamba pa mafuta, kena pa madzi odikha pansi. Usiku, mapampu ali zii, makinawo amayang'anira ngati mlingo ukutsika, ndipo ukatsika amaliza belu mu ofesi. Ku America, komwe malamulo a mathanki okwirira anakhwimitsidwa mu 1988, makinawa amayenera kuzindikira kudontha kwa malita 0.76 pa ola. Zikumveka zochepa, koma pa tsiku ndi malita 18, pa mwezi pafupifupi 550, madiramu atatu kungotsala pang'ono. Palinso mathanki a zipupa ziwiri, okhala ndi kachipangizo mumpata wa pakati, kamene kamachenjeza chipupa cham'kati chikabooka mafuta asanakhudze dothi. Zonsezi zimafuna magetsi ndi batire loti lizigwira magetsi akathima. Belu limene wina walizimitsa chifukwa likusokosa silipulumutsa mjigo wa munthu aliyense.

Mbali imene imaiwalika ndi ngalande. Mvula ya Januwale ikakhuthuka, imatsuka madontho onse a papampu ndi pamene thankala imatsitsira mafuta. Madzi amenewa sayenera kulunjika kumsewu. Ayenera kudutsa kaye m'dzenje lomangidwa zipindazipinda, momwe mafuta amatsalira pamwamba, madzi n'kutulukira kunsi. Dzenjelo likadzaza mchenga ndi mapepala, ntchito yake yatha. Mathanki a dizilo a pamtunda, monga a kuchigayo, kuesiteti ya fodya kapena a jenereta, amafunika mpanda wa simenti wotha kusunga mafuta onse a m'thankiyo n'kuwonjezerapo 10 pa 100 alionse. Paipi yotulutsira madzi a mvula mumpandamo izikhala yotseka, aziitsegula pokhapokha ataona kuti pamadzipo palibe utawaleza wa mafuta.

Ziphaso za malonda a mafuta amapereka ndi a bungwe la MERA, pomwe za chilengedwe amayang'anira ndi a bungwe la MEPA motsatira lamulo la 2017. Koma oyamba kudziwa kuti zinthu zalakwika amakhala amayi otunga madzi. Madzi a pamjigo kapena pachitsime chanu akayamba kununkha petulo, lekani kumwa ndi kuphikira, musasute fodya kapena kuyatsa moto pafupi, ndipo kauzeni alangizi a zaumoyo ndi ofesi ya zachilengedwe ku khonsolo ya Dowa kapena Ntchisi tsiku lomwelo.