Moyo wa Khukhi wa Azungu

M'nthawi ya ulamuliro wa Angerezi, kuyambira 1891 kufikira 1964, nyumba ya Mzungu m'dziko muno inkakhala ndi antchito angapo, ndipo wolemekezeka pa onsewo anali khukhi. Amuna a kuno ku Ntcheu nawonso anagwira ntchito imeneyi: ena kwa Bwana Disi pa Boma, ena ku mishoni monga Gowa, Nzama ndi Dombole, ena ku Blantyre ndi ku Zomba, ndipo ena anafika mpaka ku Salisbury ndi ku Joni. Chimene chinkawachotsa pamudzi makamaka ndicho msonkho, pakuti msonkho unkafuna ndalama, ndipo ndalama zinali kwa Azungu.

Munthu sankasanduka khukhi tsiku limodzi ayi. Mnyamata ankayamba ngati sukambale, ndiye kuti wotsuka mbale ndi mapoto, wowaza nkhuni ndi wotunga madzi. Sukulu yake inali maso ake. Tsono ankapenyetsetsa zimene khukhi wamkulu alikuchita, zaka ndi zaka, kufikira atadziwa kuphika supu, kuwotcha nyama ndi kukanda buledi. Akuluakulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha. Ngakhale John Chilembwe anayamba ndi ntchito ya m'nyumba kwa Joseph Booth m'chaka cha 1892, asanapite kukaphunzira ku America mu 1897.

Tsiku la khukhi linkayamba tambala woyamba atalira. Khitchini inkamangidwa padera, kuseri kwa nyumba, chifukwa cha utsi ndi kuopa moto. M'menemo iye ankakoleza mbaula yachitsulo ya nkhuni kuti tiyi afike kwa bwana ndi dona asanadzuke. Uvuni unalibe choyesera kutentha, koma khukhi wozolowera ankangopisamo dzanja nadziwa ngati keke ipsa bwino kapena ipserera. Madzi akumwa ankawawiritsa ndi kuwasefa poopa kamwazi. Nyama ankaisunga m'kabati ya sefa, imene miyendo yake inkaima m'zitini za madzi kuti nyerere zisakwere. Ambiri sankadziwa kuwerenga, komabe miyeso yonse ya ufa, shuga ndi mazira inali m'mutu mwao.

Nzeru zake zinkaoneka koposa pa ulendo. Disi akamayendera midzi, kaya ku Tsangano kaya ku Bwanje, khukhi ankatsogola ndi amtengatenga. Pofika pa msasa ankasandutsa debe la palafini kukhala uvuni, makala pansi ndi pamwamba, ndipo bwana ankadya buledi wamoto pakati pa tchire.

Tsopano taganizani, anzanga, za malo a munthu ameneyu m'banjamo. Khukhi wokhalitsa ankadziwa zonse za m'nyumba: chakudya chimene bwana sachikonda, tsiku limene dona wakwiya, ndi matenda a ana. Ana a Azungu ambiri anaphunzira Chinyanja pakhomo pa khitchini. Moyo wa banja lonse unali m'manja mwake, pakuti wokuphikira ndiye angakuphe. Komabe makiyi a sitolo ankasunga ndi dona, amene m'mawa uliwonse ankamuyesera shuga ndi tiyi, natsekanso. Munthu wa imvi, amene kumudzi ankamutchula ndi mfunda wake mwaulemu, kuntchito ankaitanidwa ndi dzina loyamba lokha, kapenanso "boyi". Iye amene ankaphika zonona ankadya nsima ya phoso kuseri, m'kanyumba ka chipinda chimodzi.

Ovutika kwambiri anali a kwao. Nthawi zambiri mkazi ankatsala kumudzi, kulima yekha ndi kulera ana, pamene mwamuna alikulera ana a eni. Tchuthi chinali chachifupi, ndipo amene anapita kutali ena sanabwerenso; amenewo ndiwo ankatchedwa matchona. M'masiku a Chitaganya, kuyambira 1953 kufikira 1963, khukhi anali pakati pa moto uwiri. Kwao anthu anali ndi chisoni chifukwa cha Inkosi Gomani II, imene inachotsedwa paufumu mu 1953 pokana malamulo a Boma, koma iye ankamva nkhani yomweyo patebulo la Azungu, ali chete, mbale ili m'manja.

Bwana akabwerera kwao ku Ulaya, chuma chachikulu chimene khukhi ankatsala nacho chinali kalata ya umboni yomuthandiza kupeza ntchito kwina. Penshoni inadalira mtima wa bwana, pakuti kwa ambiri panalibe pangano lolembedwa. Ena analandira njinga kapena makina osokera, ena anabwera chimanjamanja.

Kotero tisamapeputse ntchito imeneyi. Mashilingi ochepa a khukhi analipira msonkho, anagula nsalu, ndipo anatumiza ana kusukulu, ena mwa iwo nakhala aphunzitsi ndi makalaliki. Ngati m'mudzi mwanu muli gogo amene atate ake anali khukhi, khalani naye pansi m'tchuthi chikudzachi, mumufunse, ndipo mulembe zimene akuuzeni. Mabuku a Azungu anasunga maina a mabwana. Maina a ophika tisunge ndife.