Khosi likalira kuti thwa, chasintha n'chiyani?

Wodwala amagona chagada, wachipatala n'kugwira mutu wake ndi manja awiri, kuupendeketsa pang'ono, kenaka kuutembenuza mwadzidzidzi. Khosi limalira kuti thwa! Ambiri amadzuka akusimba kuti fupa labwerera m'malo mwake.

Fupalo silinachoke n'komwe. Mu 2015, Greg Kawchuk ndi anzake a ku yunivesite ya Alberta, ku Canada, anajambula chala ndi makina a MRI uku akuchikoka mpaka kulira. Anaona kuti phokosolo limamveka pomwe kathovu ka mpweya kakupangika m'madzi oterera a mu mfundo. Daniel David Palmer, amene anayambitsa chithandizo chowongola msanachi, chotchedwa chiropractic, ku Davenport, Iowa, mu 1895, ankaphunzitsa kuti matenda ambiri amachokera ku mafupa a msana osemphana, koma pamenepo sayansi inamukana.

Ululu wokha umachepadi. Mu 2012, gulu la Gert Bronfort ku Minnesota linafalitsa zomwe linapeza pa anthu 272 odwala khosi. Ena ankawongoledwa msana, ena ankamwa mankhwala, ena anangophunzitsidwa mafizo oti azikachitira kunyumba. Patatha masabata 12, owongoledwa anali bwinoko kuposa a mankhwala. Chomwe otsatsa chithandizochi sakonda kutchula n'chakuti a mafizo aja, omwe anangopita kawiri kukaphunzira, sanasiyane kwenikweni ndi owongoledwa.

Nanga m'magazi? Akatswiri a ku Toronto mu 2006 anatenga magazi a anthu asanawawongole msana komanso atawawongola, ndipo anapeza kuti maselo awo achepetsa kutulutsa TNF-alpha ndi interleukin-1 beta, zomwe zimakolezera kutupa m'thupi. Ku Spain mu 2014 anapeza kuti oxytocin ndi neurotensin zimakwera munthu atangowongoledwa, cortisol naye n'kukwera mwa omwe anawongoledwa khosi. Zimenezi zikusonyeza kuti kugwedezako kumafika ku minyewa ndi mahomoni, osati ku mafupa okha. Koma anthu oyezedwawo sankamva kupweteka kulikonse, ndipo anali ochepa. Kukwera kwa homoni mwa munthu wabwinobwino sikutsimikiza kuti mayi amene khosi lauma ndi kusenza ndowa zaka zambiri achira.

Palinso choopsa. Mitsempha iwiri yopititsa magazi ku ubongo imadutsa m'timabowo ta m'mbali mwa mafupa a khosi, ndipo umodzi ukang'ambika mkati, munthu akhoza kuchita sitiroko. Sizichitika kawirikawiri, ndipo akatswiri akutsutsanabe ngati kuwongolako n'komwe kumang'amba kapena wodwala amabwera mtsempha utang'ambika kale, khosi likumuwawa chifukwa cha bala lomwelo. Bungwe la American Heart Association linalangiza mu 2014 kuti wodwala aziuzidwa zimenezi asanagwiridwe khosi.

Kuno kwathu pali chinanso: TB imatha kudya mafupa a msana. Amene khosi likumupweteka uku akuwonda, kutuluka thukuta usiku kapena kuchita dzanzi m'mikono ayambe wajambulidwa kuchipatala, pakuti fupa lofumbwa likapotozedwa lingathe kuphwanyika n'kumupha ziwalo.